Ntchito ya social worker ndi case manager pa zaumoyo: mafunso ndi mayankho

Ambiri amene amafunsa za ntchitoyi amayamba ndi mawu akuti "ndimakonda kuthandiza anthu". Mtima umenewo ndi wabwino, koma paokha sufikitsa munthu patali. Gawo lalikulu la ntchitoyi ndi kulondola nkhani mpaka itatheka: kodi mankhwala atengedwa, kalata yafika, munthu waonana ndi amene anatumizidwako? Mayankho ali m'munsiwa ndi a amene akuganiza zolowa ntchitoyi komanso amene angoiyamba kumene.

Kodi social worker ndi case manager ndi ntchito imodzi?

Ayi, ngakhale kuti kawirikawiri munthu mmodzi amasenza zonse ziwiri. Social work ndi ntchito yaukatswiri yokhala ndi digiri yake, malamulo ake a khalidwe ndiponso mabungwe oiyang'anira. M'mayiko ena, monga England ndi South Africa, dzina lakuti social worker ndi lotetezedwa ndi lamulo, moti amene sanalembetsedwe sangadzitchule choncho. Case management ndi kagwiridwe ka ntchito, si digiri. Angaigwire social worker, namwino, mlangizi kapena wothandiza anthu olumala.

Taganizirani bambo amene wafa ziwalo mbali imodzi ndipo akutuluka m'chipatala mawa. Dokotala walemba mankhwala, wophunzitsa mafizo wapereka tsiku lobweranso, koma kunyumba kuli masitepe, mkazi wake amagwira ntchito masana onse, ndipo malipiro a bamboyo aima. Aliyense wachita mbali yake bwino, komabe palibe amene akuona nkhani yonse. Case manager ndiye amalemba zonsezi pamalo amodzi, n'kugawa kuti wakuti achita chakuti pofika tsiku lakuti, kenako n'kubwerera kukaona ngati zachitikadi.

Nanga m'dzina lakuti clinical case manager, mawu akuti "clinical" akuwonjezerapo chiyani?

Pali case manager amene ntchito yake ndi kulumikiza basi: amafunsa zosowa, amatumiza munthu kumene kuli chithandizo, ndipo sakumana naye kawirikawiri. Clinical case manager amalumikizanso, koma iye mwini amapereka chithandizo cha maganizo ndi khalidwe. Amapereka uphungu, amaphunzitsa wodwala ndi abale ake za matendawo, amazindikira zizindikiro zoti matenda akuyambiranso, ndipo amalowererapo zinthu zikafika poipa. Ubale wake ndi wothandizidwayo ndi mbali ya chithandizo.

N'chifukwa chake ntchito zimenezi zimapezeka kwambiri kumene kuli matenda aakulu a maganizo monga schizophrenia ndi bipolar, uchidakwa ndi mankhwala ozunguza bongo, HIV, khansa, matenda a impso, ndiponso chisamaliro cha odwala amene sadzachira. Pali njira inanso imene inakula ku University of Kansas pansi pa Charles Rapp ndi anzake, yomwe imayambira pa zimene munthu amatha ndi zimene akufuna, osati pa mndandanda wa mavuto ake. Ogwira ntchito ambiri masiku ano amasakaniza njira zimenezi.

Ntchitoyi inayamba liti m'zipatala?

Mu 1895 chipatala cha Royal Free ku London chinalemba ntchito Mary Stewart kuti aziunika moyo wa odwala, poyamba n'cholinga choona amene angathe kulipira. Ku Boston, Dokotala Richard Cabot anayambitsa ntchito yotereyi pa Massachusetts General Hospital mu 1905, ndipo Ida Cannon, amene anali namwino, ndiye anaikulitsa. Case management inakula m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970, pamene mayiko ena ankatulutsa odwala m'zipatala zikuluzikulu za amisala. Anthu anatuluka, koma chakudya, pogona ndi mankhwala zimene ankazipeza pamalo amodzi zinabalalika m'maofesi osiyanasiyana, ndipo panafunika wina woti azisonkhanitse.

Munthu watsopano akabwera, ntchito imayenda bwanji?

Choyamba ndi kuona ngati munthuyo ali woyenera kuthandizidwa ndi bungwe lanu komanso ngati pali changozi lero lomwe: akufuna kudzipha, akumenyedwa kunyumba, alibe pogona usiku uno, kapena mankhwala ofunika amuthera. Izi sizidikira fomu yaitali.

Chachiwiri ndi kuunika moyo wake wonse: thupi, maganizo, banja, ndalama, nyumba, ntchito, mowa, milandu, chikhulupiriro chake, ndi anthu amene amamuthandiza kale. Ambiri amajambula mtundu wa banja kufikira mibadwo itatu, ndi chithunzi china choonetsa anthu ndi mabungwe omuzungulira, mzere wochindikala kumene ubale uli wolimba, wodukaduka kumene uli wofooka. Pepala limodzi lotere limaonetsa msanga kuti munthu amene akuoneka ngati ali ndi abale ambiri kwenikweni akudalira mlongo mmodzi amene watopa kale. Cholakwika cha oyamba kumene ndi kufuna kumaliza fomu yonse tsiku loyamba. Munthu amene wafunsidwa mafunso 60 ndi mlendo amayankha zongokondweretsa, ndipo nthawi zambiri sabweranso. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Nkhani ya nkhanza kapena ngongole imatuluka paulendo wachitatu kapena wachinayi.

Chachitatu ndi dongosolo la chithandizo. Lizikhala ndi zolinga ziwiri kapena zitatu, osati khumi, ndipo chimodzi chikhale chimene mwini wakeyo wasankha. "Azimwa mankhwala bwino" si cholinga. Cholinga ndi chonga ichi: "Kwa masabata anayi akubwerawa azimwa mankhwala akamadya chakudya chamadzulo, mwana wake wamkulu azichonga pa kalendala, ndipo tidzawerenga mapiritsi otsala Lachisanu lililonse." Cholinga chilichonse chikhale ndi dzina la wochita ndi tsiku.

Zikatero pamabwera kulumikiza, kulondola ndi kuunikanso. Mabungwe ambiri amaunikanso dongosolo pakatha miyezi itatu kapena isanu ndi umodzi, koma munthu akagonekedwa m'chipatala, akachotsedwa ntchito kapena akaferedwa, dongosolo lakale latha ntchito pomwepo.

Ndi zida ziti zounikira zimene ndiyenera kuzidziwa?

Zitatu zimapezeka pafupifupi paliponse. PHQ-9 ndi ya matenda a kukhumudwa: mafunso 9 okhudza masabata awiri apitawa, lililonse kuyambira 0 mpaka 3, ndipo zonse pamodzi zimafika 27. Kuyambira 10 vuto ndi lofunika chithandizo, ndipo kuyambira 20 ndi lalikulu. GAD-7 ndi ya nkhawa, mafunso 7, malire ake 21. AUDIT, imene inapangidwa ndi bungwe la WHO, ili ndi mafunso 10 okhudza mowa, ndipo 8 kapena kuposerapo imasonyeza kamwedwe koika moyo pachiswe.

Zida zimenezi sizipeza matenda, zimangoloza amene akufunika kuunikidwa mozama. Pa PHQ-9 yang'anani funso la nambala 9, lofunsa za kuganiza zofa kapena kudzivulaza, musanawerengere zonse. Munthu angapeze 6 yokha koma atayankha kuti inde pa funso limeneli, ndipo ameneyo satuluka musanakambirane naye. Kumbukiraninso kuti wodwala khansa kapena chifuwa chachikulu amatopa ndiponso sadya bwino chifukwa cha matendawo, kotero nambala yake ingakwere popanda kukhumudwa kwenikweni. Gwiritsani ntchito chida chimene chinamasuliridwa kale ndi kuyesedwa m'chinenero cha wothandizidwayo. Kumasulira nokha muli pakati pa kufunsa kumasintha tanthauzo la mafunso.

N'chifukwa chiyani anthu ambiri otumizidwa kwina safikako?

Apa ndi pamene ntchito imagwera kapena kuimira. Kupatsa munthu kalata n'kumuuza kuti "mukapite kwakuti" si kutumiza, ndi kumuchotsa pamaso panu. Zifukwa zimene anthu safikira ndi zodziwika: alibe ndalama yoyendera, sakudziwa khomo lenileni, ofesiyo imalandira anthu masiku ena okha, pakufunika chikalata chimene alibe, akuopa kufotokozanso nkhani yochititsa manyazi kwa mlendo wina, kapena sanamve n'komwe chifukwa chimene akutumizidwira.

Kutumiza koyenera kumatenga mphindi zochepa zowonjezera. Imbani foni munthuyo ali pompo, mutsimikize kuti bungwelo likulandirabe anthu a vuto lotere. Pezani dzina la amene akamulandire, tsiku ndi ola. Funsani zikalata zofunika. Pemphani chilolezo cha wothandizidwayo kuti mutumize mbiri yake mwachidule, kuti asakayambirenso pachiyambi. Kenako mupempheni abwereze m'mawu ake kumene akupita, liti, ndiponso kukatani, chifukwa funso lakuti "mwamva?" aliyense amaliyankha kuti eya. Ngati n'kotheka kuyenda naye mpaka pakhomo la ofesi inayo, teroni. Pomaliza lembani m'buku lanu tsiku lodzafunsa ngati anafika, lisapitirire sabata imodzi kuchokera pa tsiku limene anayenera kupita.

Nthawi yoopsa kwambiri ndi masiku oyamba munthu atatuluka m'chipatala cha matenda a maganizo, chifukwa ndi pamene chiopsezo chodzipha chimakwera. Ku England muyezo ndi wakuti aonedwe pasanathe maola 72, ndipo ku United States zipatala zimayezedwa poona ngati wodwala waonedwa pasanathe masiku 7. Kumbali ya matenda a thupi, zipatala zambiri zimawerenga odwala amene agonekedwanso pasanathe masiku 30. Ena mwa iwo amabwerera pa zifukwa zimene case manager akanaziona: mankhwala akale ndi atsopano akumwedwa pamodzi, kapena palibe anafunsa ngati kunyumba kuli womusamalira.

Ndiphunzire chiyani kuti ndilowe ntchitoyi?

Njira yowongoka ndi digiri yoyamba ya social work, imene imatenga zaka zitatu kapena zinayi malinga ndi dziko. Maphunziro ake ndi a kakulidwe ka munthu, malamulo okhudza ana, mabanja ndi olumala, luso lofunsa ndi kumvetsera, kafukufuku, ndi chikhalidwe cha ntchito. Chimene chimasiyanitsa digiri imeneyi ndi ya sociology kapena psychology ndi nthawi yophunzira ntchito pamalo enieni moyang'aniridwa. Ku United States, bungwe la CSWE, limene limavomereza maphunziro a social work, limafuna maola osachepera 400 pa digiri yoyamba ndi 900 pa digiri ya masters. Ku England ndi masiku 200, kuphatikizapo masiku ophunzira luso m'kalasi.

Musanalipire sukulu iliyonse, funsani zinthu ziwiri: ngati digiri yake ndi yovomerezeka ndi bungwe lolembetsa ma social worker m'dziko limene mukufuna kugwira ntchito, ndiponso amene amapezera ophunzira malo ophunzirira ntchito. Sukulu imene imauza wophunzira kuti adzipezere yekha malo ndi womuyang'anira ndi yofunika kuikayikira. Posankha malowo, ngati mukufuna ntchito ya m'chipatala, pitani kuchipatala. Olemba ntchito amaona kumene munaphunzirira kuposa magiredi anu.

Kodi pamafunika chiphaso? Nanga digiri ya dziko lina imagwira ntchito kwina?

Zimatengera dziko. Ku United States chiphaso chimaperekedwa ndi boma la chigawo chilichonse. Kuti munthu akhale clinical social worker wodziimira payekha amafunika masters, zaka pafupifupi ziwiri akugwira ntchito moyang'aniridwa, zomwe m'zigawo zambiri ndi maola pafupifupi 3,000, kenako mayeso a ASWB, mgwirizano wa mabungwe opereka ziphaso kwa ma social worker. Ku England amalembetsa ku Social Work England, bungwe limene linayamba ntchitoyi mu December 2019. Ku South Africa amalembetsa ku bungwe loyang'anira ntchitoyi la SACSSP, ndipo digiri yake ndi ya zaka zinayi.

Digiri siwoloka malire yokha. Bungwe la dziko limene mukupitako limayerekeza maphunziro anu ndi awo, ndipo chimene chimagwetsa ambiri ndi kusowa umboni wa maola ophunzirira ntchito. Sungani ndondomeko ya phunziro lililonse, kalata yosainidwa yoonetsa maola, ndi dzina ndi maphunziro a amene ankakuyang'anirani. Patapita zaka khumi zinthu zimenezi zimavuta kuzipeza.

Palinso satifiketi ya case management yokha, monga CCM ya ku United States, imene imakonzedwanso zaka zisanu zilizonse. Iyi siilowa m'malo mwa chiphaso cha ntchito, imangowonjezera pamwamba.

Ndine namwino. Kodi ndingakhale case manager popanda kuphunzira social work?

Inde, ndipo m'zipatala ndi m'makampani a inshuwalansi ya zaumoyo anamwino ndi ochuluka pa ntchitoyi. Mphamvu yanu ndi kudziwa matenda ndi mankhwala. Chimene mudzafunika kuwonjezera ndi malamulo oteteza ana ndi akuluakulu osatha kudziteteza, njira zopezera thandizo la ndalama ndi nyumba, komanso kuzolowera kuti kunja kwa wodi wodwala ndiye mwini chisankho.

Munthu mmodzi amasamalira anthu angati?

Nambala payokha siinena zambiri. M'njira yotchedwa Assertive Community Treatment, imene Leonard Stein ndi Mary Ann Test anayambitsa ku Madison, Wisconsin m'zaka za m'ma 1970, wogwira ntchito mmodzi amawerengeredwa anthu pafupifupi 10, gulu lonse limadziwa wodwala aliyense, ndipo chithandizo chambiri chimaperekedwa kunyumba osati mu ofesi. Kumene ntchito ndi yongolumikiza, mafayilo amachuluka kangapo kuposa apa.

Chofunika ndi kulemera kwa nkhani. Gawani mafayilo anu patatu: ofunika kuonedwa sabata iliyonse, a kamodzi pa mwezi, ndi amene akuyandikira kutsekedwa. Anthu asanu amene ali pamavuto aakulu angadye sabata yonse, ndipo amene amavutika ndi aja ofatsa osadandaula, amene fayilo yawo imatha miyezi iwiri osatsegulidwa. Lolemba lililonse yang'anani mndandanda wonse ndi kufunsa kuti ndani amene simunamve za iye kwa nthawi yaitali. Mukaona kuti mafayilo apyola mphamvu zanu, uzani okuyang'anirani mwa kalata, mutchule ntchito zimene zikutsalira. Kungodandaula pakamwa sikukutetezani zinthu zikadzalakwika.

Kodi zolembalemba ndi zochuluka monga amanenera?

Ndi zochuluka, ndipo amene amadana nazo amavutika. Fayilo ndi imene imalankhula inu mukadwala, mukasiya ntchito, kapena nkhani ikafika kukhoti. Njira yofala ndi ya SOAP, yokhala ndi zigawo zinayi: zimene munthu wanena, zimene mwaona kapena kuyeza, mmene inu mukuzimvera, ndi zimene zichitike. Lembani tsiku lomwelo, kapena pasanathe maola 24.

Siyanitsani zimene mwaona ndi maganizo anu. "Mayiyu ndi wosasamala ana" ndi chiweruzo. "Nditafika 10 koloko m'mawa ndinapeza ana awiri, wa zaka 3 ndi wa zaka 5, ali okha, mayi anafika patatha mphindi 40 ndipo anati anapita kukagula mankhwala" ndi umboni. Pewani mawu akuti "wovuta" kapena "wosamva", chifukwa amatsatira munthu m'fayilo kwa zaka ndipo aliyense womuwerenga amayamba kumuona choncho. Mukalakwitsa musafufute, dulani mzere umodzi, lembani zolondola, ikani tsiku ndi kusaina. Lembani ngati kuti mwini nkhaniyo adzawerenga, pakuti m'mayiko ambiri ali ndi ufulu wotero.

Kodi chinsinsi ndingachiulule liti?

Malire a chinsinsi amanenedwa pa kukumana koyamba, munthu asanayambe kufotokoza, osati atamaliza. Muuzeni kuti zimene anene zikhala pakati pa iye ndi gulu lomuthandiza, kupatula ngati moyo wake kapena wa munthu wina uli pangozi, ngati mwana kapena wamkulu wosatha kudziteteza akuzunzidwa, kapena khoti likalamula. Mlandu wa Tarasoff ku California mu 1976 ndi umene unatchukitsa mfundo yakuti wopereka chithandizo ali ndi udindo woteteza munthu amene wodwala wake waopseza, koma dziko lililonse lili ndi lamulo lake ndipo muyenera kudziwa la kumene mukugwira ntchito.

Mukafunika kuulula, uzani woyenera yekha, zokhazo zofunika, ndipo ngati sizionjezera ngozi muuzeni mwini wakeyo kuti mukutero. Kunena zoona, chinsinsi sichiululika kawirikawiri pa nkhani zazikuluzi. Chimatayika m'njira zazing'ono: kukambirana za wodwala m'khonde, fayilo yosiyidwa patebulo, chithunzi cha kalata chotumizidwa pa WhatsApp, kapena kuyankha wachibale amene waimba foni mwaulemu kufunsa zotsatira za magazi.

Munthu akandiuza kuti akufuna kudzipha, nditani?

Funsani mosapita m'mbali: "Kodi mukuganiza zodzipha?" Kufunsa sikuika maganizowo m'mutu mwa munthu. Kenako funsani ngati ali ndi njira imene waganiza, ngati chinthucho ali nacho pafupi, ngati waika nthawi, ndiponso ngati anayesapo kale. Amene ali ndi njira, chida ndi cholinga chochita posachedwa asasiyidwe yekha mpaka ataonedwa ndi dokotala kapena gulu la zangozi.

Kwa ena, lembani naye dongosolo lodzitetezera. Limene Barbara Stanley ndi Gregory Brown anakonza lili ndi magawo 6: zizindikiro zoti zinthu zikuipa, zimene angachite payekha kuti mtima ukhale pansi, anthu ndi malo omuchotsa maganizo pa vutolo, anthu amene angawapemphe thandizo, akatswiri ndi manambala awo, ndi kuchotsa pafupi zinthu zoopsa monga mankhwala ochuluka, poizoni kapena mfuti. Gawo lomalizali ndi limene ambiri amalidumpha chifukwa cha manyazi, chonsecho ndi lamphamvu kwambiri, popeza nthawi yoopsitsitsa imakhala yaifupi. Kulonjezetsa munthu kuti "sindidzipha" sikuteteza aliyense. Uzani okuyang'anirani tsiku lomwelo, lembani zonse, ndipo muimbireni munthuyo mawa lake.

Nanga wokana chithandizo?

Munthu wamkulu amene akumvetsa nkhani yake ali ndi ufulu wosankha zimene inu mukuona kuti n'zolakwika. Choyenera kuunika ndi ngati akutha kumva uthengawo, kuusunga, kuuyeza ndi kunena chisankho chake. Ngati akutha, ntchito yanu ndi kufufuza chifukwa chokanira. Kawirikawiri pamakhala chinthu chenicheni: mankhwala akumunenepetsa kapena kumugonetsa masana, akubisa matendawo kwa mwamuna wake, kapena tsiku la kuchipatala limamudyera malipiro a tsiku lonse. Njira ya motivational interviewing, ya William Miller ndi Stephen Rollnick, imaphunzitsa kusiya kukangana ndi munthu n'kumufunsa mafunso oti iye mwini atchule zifukwa zosinthira. Ndi luso loyenera kuliphunzira msanga, chifukwa mukamakakamiza kwambiri munthu amalimbikira kuteteza mbali inayo.

Kodi kuyendera anthu m'nyumba zawo n'koopsa?

Maulendo ambiri amatha bwino, ndipo mphindi 20 m'nyumba zimakuuzani zimene simungazimve mu ofesi chaka chonse. Komabe werengani fayilo musananyamuke, uzani mnzanu kumene mukupita ndi nthawi yobwerera, ndipo mugwirizane chochita mukapanda kuimba. Kumene kuli mbiri ya chiwawa pitani awiri. Khalani pafupi ndi khomo, foni ikhale ndi moto. Mukapeza anthu ataledzera kapena mtima ukakuuzani kuti pali china chake, tsanzikani mwaulemu n'kupangana tsiku lina.

Wothandizidwa akandipempha ndalama kapena kundipatsa mphatso?

Musapereke kapena kubwereketsa ndalama za m'thumba mwanu. Mukatero kamodzi, ubale wasintha: iye ali ndi ngongole kwa inu, ena amva, ndipo tsiku limene mudzakane adzaona ngati mwamutaya. Fufuzani thumba la zangozi la bungwe lanu kapena la mabungwe ena. Pa mphatso tsatirani lamulo la pantchito panu. Kanthu kakang'ono kothokoza ena amalola bola kalembedwe, koma ndalama ndi zinthu zodula ayi. Nambala ya foni yanuyanu ndi ubwenzi wa pa Facebook zisalowe m'ntchito. Chibwenzi ndi wothandizidwa ndi mlandu wochotsetsa chiphaso. Mukapatsidwa fayilo ya wachibale, mnansi kapena mnzanu, nenani msanga kuti ipite kwa wina.

Anthu amati ntchitoyi imatopetsa mtima. Ndi zoona?

Ndi zoona. Mu 2019 bungwe la WHO linafotokoza kutheratu mphamvu chifukwa cha ntchito ndi zizindikiro zitatu: kutopa kosatha, kuyamba kuipidwa ndi ntchito kapena kusalabadira anthu, ndi kuona kuti palibe chimene ukukwanitsa. Palinso vuto lina losiyana nalo, lobwera chifukwa chomva nkhani za nkhanza tsiku ndi tsiku: kulota zoopsa, kudzidzimuka, kuopera ana ako mopyola muyeso. Chizindikiro choyamba chimene anzanu amaona ndi chakuti mwayamba kupewa mafoni a anthu ena ake, ndipo zolemba zanu zatsalira masabata.

Malangizo oti muzipuma ndi kuchita masewera ndi abwino, koma sachiza mafayilo ochuluka. Chimene chimateteza kwambiri ndi kukumana ndi wokuyang'anirani mokhazikika, kukambirana nkhani zovuta, zimene mukuphunzira, ndi mmene ntchito ikukukhudzirani. Ku England, social worker wa chaka choyamba amayenera kukumana ndi womuyang'anira sabata iliyonse kwa masabata 6 oyamba, kenako pa masabata awiri aliwonse mpaka miyezi 6. Kukumana kumene kumangokhala kuwerenga mafayilo otsekedwa sikokwanira.

Ntchito zimapezeka kuti, ndipo malipiro amatengera chiyani?

M'zipatala, m'magulu a zamaganizo a m'madera, m'malo othandiza osiya mowa ndi mankhwala ozunguza bongo, m'sukulu, m'ndende, m'maofesi oteteza ana, m'mabungwe othandiza othawa kwawo, ndi m'makampani a inshuwalansi. Malipiro amakwera ndi digiri, chiphaso, zaka za ntchito ndi mtundu wa olemba ntchito. Mabungwe oyendera ndalama za opereka thandizo angalipire bwino, koma kontrakiti imatha pulojekiti ikatha. Pambuyo pa zaka zingapo njira zimagawikana: ena amazama pa uphungu, ena amayang'anira anzawo, ena amapita ku uphunzitsi, kafukufuku kapena kukonza ndondomeko za boma.

Pa intavyu amafunsa zotani?

Yembekezerani nkhani yongopeka, monga yakuti anthu atatu akukufunani nthawi imodzi: wina akutulutsidwa m'chipatala masana ano, wina waimba akulira, wina wabwera popanda kupangana. Safuna yankho lokongola. Akufuna kumva kuti mumayamba ndi chiopsezo cha moyo, mumadziwa nthawi yoitana okuyang'anirani, ndipo mumalemba. Mukamapereka chitsanzo cha kumene munaphunzirira ntchito, musatchule dzina kapena chilichonse chozindikiritsa munthu; ofunsa ena amayesa dala zimenezi. Nanunso funsani: mafayilo ndi angati pa munthu, mumakumana kangati ndi woyang'anira, ndani amagwira usiku ndi kumapeto kwa sabata, ndipo amene anali pa udindowu anakhalapo nthawi yaitali bwanji.

Fayilo imatsekedwa liti?

Zolinga zikakwaniritsidwa, munthu akasamukira ku chithandizo china, akasankha yekha kusiya, kapena akasowa mutayesetsa kumufufuza. Mabungwe ambiri amafuna kuti muyese kangapo, m'njira zosiyana ndi pa masiku osiyana, ndipo ulendo uliwonse ulembedwe. Amene ali pachiopsezo chachikulu fayilo yake siitsekedwa chifukwa chongosowa. Nkhaniyo imapita kwa okuyang'anirani.

Kutseka kokonzekera kumayamba masabata angapo tsikulo lisanafike. Talikitsani maulendo pang'onopang'ono, kuchoka pa sabata iliyonse kufika pa kamodzi pa mwezi, kuti muone ngati zinthu zikuyendabe inu mulibe. Si zachilendo kuti mavuto ayambirenso munthu akamva kuti mukusiyana, choncho nenani tsikulo poyera ndipo mukambirane. Pa kukumana komaliza mupatseni pepala limodzi lokhala ndi mankhwala ake, masiku okaonana ndi adokotala, zizindikiro zoti abwerere msanga, ndi nambala ya ofesi, osati yanu. Kalata yotsekera ipite kwa amene anamutumiza kwa inu ndi kwa amene akupitiriza kumuthandiza, mwini wakeyo atavomereza.